Njinga yakuda ya matayala 28 m'mapiri a ku Angonia ku Mozambique nthawi ya dzinja: mphamvu ilipo, vuto ndi mabuleki

Njinga imene tikuiunika pano ndi yakuda ija, ya mabuleki a ndodo zachitsulo ndi matayala olembedwa 28 x 1½, imene imadzaza pa feira (msika) iliyonse kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Domwe ndi ku Tsangano. Zambiri zimachokera ku India ndi ku China, ndipo maina odziwika ndi monga Hero, Avon ndi Phoenix, koma kapangidwe kake n'kamodzi, kotengera njinga zakale za ku England, moti zitsulo zambiri za ina zimalowa pa inzake. Kulemera kwake ndi pafupifupi makilogalamu 20 isananyamule kanthu. Funso n'lakuti, kodi ingakuyendetseni tsiku lathunthu, makilomita 60 kapena 70, m'zitunda za kuno, mwezi wa Januwale, pamene kumacha ndi chifunga, masana dzuwa n'kuswa mtengo, 2 koloko mvula n'kukhuthuka?

Ingathe, koma osati mmene imachokera kusitolo. Imafika ndi giya ya kuchigwa ndi mabuleki a m'chilimwe, ndipo kuno kulibe chigwa. Vila ya Ulongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000, ndipo pakati pa ziwirizi msewu sugona pansi nthawi yaitali. Umatsetserekera kudambo, n'kuwoloka kamtsinje, n'kuyambanso chikweza. Ngakhale msewu wa tala wa N304, wochokera ku Mussacama kudutsa pa Ulongwe kupita kumalire a Calómuè, umangokwera ndi kutsika. Mukausiya n'kulowa ya dothi yopita m'midzi ya ku Lifidzi kapena m'midzi ya mbatata ya ku Tsangano, m'pamene njinga imaonetsa khalidwe lake lenileni.

Tiyambe ndi tsiku logula. Njingazi zimabwera m'zidutswa n'kumangidwa ndi anyamata a pasitolo, amene nthawi zambiri amathamangira kuti amange zambiri. Girisi wa m'kati amakhala wongopaka pamwamba. Musanapite nayo patali, ipititseni kwa mmisiri aimasule mahabu onse awiri a pakati pa magudumu, pakati pamene pamazungulira mapedulo, ndi pakhosi pa foloko. Awerenge timipira tachitsulo ta m'kati: habu yakutsogolo imakhala ndi 10 mbali iliyonse, tating'ono ta 3/16, yakumbuyo 9 mbali iliyonse ta 1/4, ndipo pakati pamalowa 11 mbali iliyonse, ta 1/4 tomweto. Kamodzi kakasowa, totsalato timasenza katundu wa mnzawo, koni, kachitsulo kamene timipira timazungulirapo, imakumbika, ndipo pakatha mwezi gudumu layamba kugwedera. Adzaze girisi mpaka atuluke m'mbali. Girisi wotulukayo si wotayika ayi, ndiye chitseko chotsekera madzi. Pomanga makoni, gudumu lizungulire lokha mpaka valuvu ikaime pansi, koma mukaligwedeza cham'mbali lisamveke kogo-kogo. Masipoko nawo akungidwe onse, chifukwa atsopano amamasuka pa makilomita 100 oyambirira.

Chachiwiri ndi giya, ndipo apa m'pamene ndalama yochepa imasintha njinga yonse. Zambiri zimabwera ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 pa filiwilo, kagiya ka pa gudumu lakumbuyo. Tayala la 28 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.2, choncho mukapalasa kamodzi mwayenda pafupifupi mamita 5.4. Pamalo athyathyathya zimakoma. Pachikweza, mwendo umayenera kukankha thupi lanu, njinga ndi katundu mtunda wonsewo nthawi imodzi, ndipo mawondo amayamba kudandaula dzuwa lisanafike pamutu. Ikani filiwilo ya mano 22. Kupalasa kumodzi kumatsika kufika mamita 4.4, ndipo zitunda zambiri zimene mukanatsika n'kumakankha mumazikwera muli pachishalo. Ya mano 20 ndi yapakati, mamita 4.8, yoyenera amene ulendo wake wambiri ndi wa pa tala. Mukasintha kuchoka pa 18 kupita pa 22, tcheni chimafupika, ndiye muwonjezere mfundo ziwiri, yam'kati ndi yakunja. Chimene mwataya ndi liwiro la pamtsetse, pomwe miyendo imangozungulira chabe. Musadandaule nalo. Liwiro la pamtsetse ndi limene njingayi siitha kuliletsa.

Ngakhale ndi mano 22, zitunda zina n'zokankha basi, ndipo palibe chamanyazi. Amene amaimirira pa mapedulo n'kumalimbana ndi chikweza chilichonse ndi amene amapha makotapini. Kotapini ndi kamsomali kosongoka mbali imodzi kamene kamagwira mkono wa pedulo pa ekiselo yapakati. Ndi kachitsulo kofewa, ndipo kakayamba kudyeka mumamva pedulo ikugwa pang'ono paliponse mwendo ukafika pamwamba. Ambiri amathamangira kumanga nati yake ndi sipanala, ulusi n'kuduka. Natiyo ntchito yake n'kungosunga. Kotapini imalowa ndi hamala, mutatsamiritsa mkono wa pedulo pa chitsulo kapena chipika cholimba kuti nkhonyayo isakaphwanye timipira ta m'kati, kenako m'pamene mumamanga nati. Ziwirizo ziyang'ane mosiyana: mkono ukaloza kutsogolo mbali iyi nati ili pamwamba, wa mbali inayo ukaloza kutsogolo nati yake ikhalenso pamwamba, apo ayi mapedulo sakhala pamzere umodzi. Zambiri ndi za mamilimita 9.5, koma za 9 ziliponso pamsika, ndipo yaing'ono ikalowa pabowo lalikulu siitha sabata. Tengani yakale pokagula, ndipo paulendo nyamulani ziwiri zapadera. Zimakwana m'thumba la malaya.

Tsopano mabuleki, amene ndiwo chifukwa chenicheni cholembera zonsezi.

Kukakhala kouma, mabuleki a ndodo amagwira mokwanira, ndipo ali ndi ubwino woti mulibe waya woduka kapena wochita dzimbiri m'kati. Koma limu ya njingayi, mkombero umene tayala limakhalapo, ndi yachitsulo chokutidwa ndi kromu wosalala, ndipo mphira umakoka cham'mwamba, kukhudza limu kunsi kwake, kumene madzi ndi matope zimasonkhana. Mvula ikagwa, pakati pa mphira ndi limu pamakhala madzi, ndiye mukafinya buleki poyamba sipachitika chilichonse. Gudumu limayenera kuzungulira katatu kapena kanayi kuti mphira upukute madziwo, ndipo pamenepo mwayenda kale mamita 7 mpaka 9 musanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Mvula ikamapitirira, limu imanyowanso mukangosiya. Ganizirani mtsetse wotsikira kumlatho wopapatiza, kumbuyo kuli thumba, kutsogolo kuli ngolo ya ng'ombe. Ngozi zambiri za njingazi m'dzinja zimabadwira pamenepo, ndipo wokwerayo amalumbira kuti mabuleki anali bwinobwino m'mawa. Sanama, analidi bwino pouma.

Zothandiza zilipo, ngakhale palibe chimene chimathetseratu vutoli. Mphira wa buleki ukhale watsopano poyamba dzinja, chifukwa wakale umauma n'kumanyezimira ngati galasi. Mukapeza wokhala ndi kachikopa pakati, gulani umenewo, chikopa chimagwira chitsulo chonyowa kuposa mphira wokhawokha. Mpata wa pakati pa mphira ndi limu ukhale mamilimita 2 kapena 3, ndipo chogwirira cha buleki chilimbe chisanafike theka la ulendo wake. Kuti mpata wochepa choncho utheke, limu iyenera kukhala yozungulira bwino. Pa njinga zina vuto la limu ndi kupindikira kumbali, koma pa iyi choopsa kwambiri ndi limu yodumpha, chifukwa buleki imagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Yang'ananinso kachitsulo kosunga mphira. Kali ndi mbali yotseka ndi yotsegula, ndipo yotsekayo iyenera kuyang'ana kutsogolo, kumene limu ikulowera. Akakamanga chotembenuza, tsiku limene mudzafinye mwamphamvu mphira udzasolokamo n'kugwa mumsewu. Timanati ta pa ndodo timamasuka ndi mabampu, tiyeseni ndi sipanala m'mawa uliwonse wa ulendo wautali. Ndipo nthawi iliyonse mwakokera gudumu lakumbuyo pokunga tcheni, mabuleki akumbuyo asunthidwenso, poti limu yachoka pamene inali.

Kakweredwe nako kasinthe. Pamtsetse wonyowa yambani kufinya pang'onopang'ono muli pamwamba penipeni, liwiro lisanabadwe, kuti limu izipukutika njira yonse. Gwiritsani onse awiri, koma pa dothi loterera lakutsogolo likhale lopepuka, chifukwa tayala lakutsogolo likangoima mwagwa. Kuponda tayala ndi patapata, monga amachitira anyamata ena, kumang'amba phazi ndipo sikuimitsa njinga yolemedwa. Mtsetse ukakhala wautali, wonyowa, inu muli ndi katundu woposa thumba limodzi la makilogalamu 50, tsikani muyende nayo mutagwira mabuleki. Mphindi 10 zimenezo n'zotchipa.

Matope a kuno ali mitundu iwiri ndipo amavutitsa mosiyana. Katondo, dothi lofiira la m'zitunda, likangonyowa pamwamba limaterera ngati therere pamene pansi pake pali polimba. Mphindi zoyamba mvula itangoyamba ndiye zoipitsitsa. Pamenepo funani pamene pali timiyala kapena udzu wa m'mphepete, pewani mizere yosalala imene njinga zamoto zapukuta, ndipo musakhote mwadzidzidzi. Makande a m'madambo saterera kwambiri koma amamata. Amakwera ndi tayala, n'kudzazana pansi pa madigadi ndi pa mabuleki mpaka gudumu kuima nji. Madigadi a njingayi ndi achitsulo, aatali, ndipo pa tala kapena pa mvula wamba ndi abwino zedi: msana ndi thalauza zimafika zoyera. Pa makande amasanduka msampha. Ena amangowachotsa dzinja lonse, koma akatero madzi amchenga amathira pakhosi pa foloko ndi pa tcheni tsiku lonse. Chabwino n'kuwakweza potalikitsa timiyendo take kuti chala chizilowa pakati pa tayala ndi madigadi, n'kumayenda ndi kamtengo kotokosera. Dambo likakhala lalifupi, senzani njinga paphewa. Kukankha m'makande kumangowonjezera matope.

Chophimba tcheni chathunthu, chija chotseka mbali zonse, chili ndi nkhani yofanana. Chimateteza tcheni ku mchenga, koma tcheni chikagwa muli pamvula mumataya nthawi yambiri kumasula. Chophimba cha pamwamba pokha n'chokwanira. Tcheni chikhale ndi mpata wosewera wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka pakati pake. Chikathina chimadya filiwilo ndi timipira, chikalendewera chimagwa pa bampu yoyamba.

Matayala amene imabwera nawo ndi opyapyala, a mizere yoyenera tala. Lakumbuyo lisinthidwe ndi lochindikala la mano akuluakulu, lochotsedwalo lisungidwe kuti lidzalowe kutsogolo. Popani mpaka chala chachikulu chilephere kubonyeza. Tayala lofewa likagunda mwala, limu imaluma chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana, ndipo timeneti timavuta kumata. Pali chiyeso chochepetsako mpweya kuti tayala ligwire pamatope. Kutsogolo mungatero pang'ono, kumbuyo ayi ngati mwanyamula. Tayala likamaphwa pang'onopang'ono popanda minga, musafulumire kutulutsa chubu. Valuvu ya njingazi ili ndi kamphira kakang'ono m'kati kamene kamafumbwa ndi dzuwa. Pakani malovu pakamwa pa valuvu, pakatuluka thovu vuto ndi kamphirako, ndipo kusintha kwake n'kwa mphindi imodzi. Onaninso lamba wophimba mitu ya masipoko m'kati mwa limu. Wobwera nayo ndi wopyapyala, dulani wina kuchokera ku chubu chakale.

Kumata chubu pamvula ndi ntchito yolephereka, chifukwa soloshoni sagwira ponyowa. Ndiye paulendo wa tsiku lonse chubu chapadera chimaposa zigamba. Ngati mukumata ndithu, pezani khonde, pukutani chubu mpaka chiume, palani ndi sandipepa malo okulirapo kuposa chigamba, pakani soloshoni wochepa, ndipo dikirani mphindi 5 mpaka asiye kunyezimira. Kukazizira ndi chinyezi amachedwa kuuma kuposa masiku onse. Chigamba choikidwa pa soloshoni wamadzi chimamatuka musanafike pachitunda chachiwiri. Musanabwezere chubu, yendetsani zala m'kati mwa tayala lonse kufuna minga imene yaboola.

Pa kunyamula, njingayi ilibe mnzake pamtengo wake, ndipo n'chifukwa chake mbatata, kabichi, nyemba ndi chimanga za ku Angonia zimafika pa feira ndi kumisika ya m'malire monga Lizulu zili pamsana pake. Fulemu yake ndi yachitsulo chochindikala, ikathyoka wowotcherera aliyense amailumikiza. Kaliyala yobwera nayo ndiyo yofooka, ndipo amalonda amachita bwino kuwotcheretsa ina ya zitsulo zomangira nyumba. Cholakwika chofala n'kuitalikitsa kwambiri cham'mbuyo. Katundu akakhala kuseri kwa ekiselo, pachikweza tayala lakutsogolo limanyamuka, pamtsetse mahandulo amavina. Kulemera kukhale pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo chomangira cha mphira chikungidwe mopingasa kuti thumba lisapendekeke. Masipoko akumbuyo amathyokera pakhosi, makamaka mbali ya filiwilo, kumene simungalowetse latsopano osamasula filiwiloyo. Amene amanyamula tsiku ndi tsiku amangitse gudumu lakumbuyo ndi masipoko onenepa, a nambala 12 kapena 13 m'malo mwa 14. Limodzi likathyoka panjira, likulungeni pa linzake lisakole tcheni, mumasule pang'ono awiri oyandikana nalo a mbali inayo kuti limu isakhule, ndipo muyende mofatsa. Mukalisiya masiku, anzake amatsatira limodzilimodzi.

Kukhala kwake n'kowongoka, msana sutopa, ndipo gudumu lalikulu limadutsa maenje mofewa kuposa la 26. Mtengo wake mumalipira mphepo ikamachokera kutsogolo pamwamba pa zitunda, poti chifuwa chonse chimakhala ngati chitseko. Chishalo cha masipuling'i n'chabwino chikakhala pamlingo: mutakhala, chidendene chifike pa pedulo ya pansi mwendo utawongoka. Ambiri amachisiya pansi kwambiri kuti mapazi azifika pansi, n'kumadabwa mawondo akuphwanya. Mapedulo a mphira amaterera akanyowa, ndipo patapata amapulumuka. Valani nsapato zotseka.

Ena afunsa za njinga za magiya za pa kaunjika. Yabwino, ya malimu a aluminiyamu, imakwera bwino ndipo imaima pamvula kuposa yakudayi kutalitali, zimenezo sitingakane. Koma kachitsulo kosinthira magiya kamalendewera pafupi ndi nthaka, makande akakadzaza kamapindikira m'masipoko, ndipo chosinthira chake simungachipeze pansi pa mtengo wa mango kumudzi. Yakuda ija, mmisiri wa pamphambano iliyonse ali ndi kotapini, koni, sipoko ndi mphira wake m'kabokosi. Woyenda wopanda katundu, wosachoka pa tala kwenikweni, atenge ya magiya. Wonyamula ndi wolowa m'midzi akhale pa yakuda.

Za wokwera mwini wake n'zochepa koma zofunika. M'dzinja mvula ya mabingu imakonda masana, choncho nyamukani kukangoyera, kuti zitunda zazikulu ndi madambo mukhale mutadutsa pofika 1 koloko. Chifunga cha m'mawa chimanyowetsa limu ngati mvula, musanyengeke poti sikukugwa kanthu. Pa tala khalani kumanzere kwenikweni ndipo valani chowala, magalimoto akuluakulu opita kumalire sakuonani msanga m'chifunga. Nyali ya dayinamo imaterera pa tayala lonyowa ndipo imazima mukaima, tochi ya mabatire yomangirira pa handulo ndiyo yodalirika. Mukakwera mamita 1,000 kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo munthu wotuluka thukuta pachikweza n'kunyowa ndi mvula amanjenjemera pamtsetse mpaka zala kulephera kufinya buleki. Juzi youma ikhale m'jumbo yomanga bwino, ndipo jekete ya mvula ikhale yaifupi, chifukwa yaitali imakodwa m'masipoko. Madzi malita 2, mbatata yophika, nthochi kapena buledi, ndipo idyani njala isanafike. Ziphaliwali zikayandikira chokani pamsana pa chitunda, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, siyani njinga patali pang'ono mulowe m'nyumba. Mtsinje wodzaza umene ukudutsa pamwamba pa msewu musauyese, timitsinje ta kumapiri timakwera msanga ndipo timaphweranso msanga, dikirani.

M'thumba la zida mukhale mpope, chubu, zigamba ndi soloshoni, timphira ta valuvu, makotapini awiri, sipanala yosintha kukula, pulayala, zotulutsira tayala ziwiri, mfundo yolumikizira tcheni ndi kansanza.

Mukafika, musaigoneke ndi matope. Itsukeni ndi ndowa ndi nsanza, osaimiza mumtsinje monga ambiri amachitira, chifukwa mahabu ake alibe zotsekera madzi ndipo girisi akasakanikirana ndi madzi amasanduka phala la dzimbiri. Tcheni chitsukidwe ndi parafini, chiume, chilandire dontho la oyilo pa mfundo iliyonse, kenako chipukutidwe kunja kuti mchenga usamatirire. Oyilo asakhudze limu kapena mphira wa buleki ngakhale pang'ono. Zulani chishalo ndi mtengo wake, mutembenuze njinga kuti madzi olowa mu fulemu atuluke. Yang'anani mphira wa buleki ngati mwalowa timiyala, muzitokosole ndi nsonga ya mpeni, chifukwa ndi timene timakanda kromu, ndipo limu yokandika imachita dzimbiri n'kumadya mphira pa masabata ochepa. Ngati tsikulo mwawoloka madzi ofika pa habu, musadikire kutha kwa dzinja, mahabu ndi pakati zimasulidwe ndi kupakidwa girisi watsopano sabata yomweyo.